Munthu wa kumudzi akalakwiridwa ndi boma amakadandaula kuti? Mbiri ya chilungamo pa msewu wa ku Mchinji

Nkhani ya lero yatalikirapo, ndiye khalani pansi bwino. Pali funso limodzi limene mabuku athu a History ndi Social Studies amangolikhudza pamwamba. Mbuzi ya mnzako ikadya chimanga chako umapita kwa anyakwawa. Nanga amene wakulakwira akakhala boma lenilenilo, wapolisi wake kapena chipani chake, umapita kwa yani? Ndipo mabungwe akunja aja timawamva pa wailesi, monga Amnesty International, anathandizapo chiyani kuti munthu wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akhale ndi kokadandaula?

Poyankha nditsata msewu wathu womwewu, wochoka ku Lilongwe kudzera pa Mpingu, Msundwe ndi Namitete mpaka ku chipata cha Mwami. Pa msewu umenewu pachitika zinthu zokwanira kuphunzitsira mutu wonsewu.

Nthawi imene kunalibe kokadandaula

Pakati pa 1968 ndi 1970 ku Chilobwe ndi madera ena a mu Blantyre anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo, ndipo dziko lonse linagwidwa ndi mantha. Ena mwa amene anawaganizira anamasulidwa ku High Court chifukwa umboni unali wosakwanira. Dr Banda sizinawasangalatse. Ankaona kuti malamulo amene Angerezi anatisiyira akuteteza anthu olakwa. Choncho mu 1969 nyumba ya malamulo inasintha lamulo n'kupereka mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, ngakhale ya kupha, kwa makhoti a mafumu aja ankatchedwa Traditional Court. Majaji anayi a ku Britain amene anali ku High Court anatula pansi udindo posagwirizana nazo.

Dzina lakuti khoti la mafumu lisatipusitse. Pa bwalo la kumudzi kwathu munthu amabwera ndi amalume ake ndi ankhoswe, amalankhula mpaka mawu atathe, ndipo cholinga chimakhala kuyanjanitsa. Makhoti a 1969 anali ena. Oweruza ake ankasankhidwa ndi pulezidenti ndipo iye yemweyo akanatha kuwachotsa. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Apilo sinkapita ku Supreme Court koma ku khoti lina la mtundu womwewo, National Traditional Court of Appeal. Ndi khoti lotere limene linagamula kuti a Albert Muwalo, amene anali mkulu kwambiri m'chipani cha MCP, anyongedwe, ndipo ananyongedwadi mu 1977.

Amenewo ndi amene anafika pamaso pa oweruza. Ambiri sanafikeko n'komwe, chifukwa lamulo linkalola nduna kutsekera munthu popanda mlandu kwa nthawi ina iliyonse. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 kaamba kokana kugula makadi a chipani. Mu 1972 nkhanza zitafika poipa, zikwizikwi za iwo, ambiri ochokera m'chigawo chino chapakati, anathawira ku msasa wa Sinda Misale ku Zambia. Nyumba zawo zinatenthedwa, amuna anamenyedwa, amayi ambiri anagwiriridwa ndi achinyamata a chipani. Ena mu 1975 ndi 1976 anatsekeredwa ku Dzaleka ku Dowa. Mayi wogwiriridwa m'zaka zimenezo akanapita kuti? Kupolisi sakanalembedwa n'komwe m'buku, ndipo mfumu yomumvera chisoni ikanadziputira yokha mavuto. Musunge mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Makalata ochokera kutali

Pa 24 Disembala 1981 a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera, pamodzi ndi mwana wawo Fumbani, anagwidwa cha kumalire a dziko lino ndi Zambia, kumene msewu wathuwu umathera. Boma linati anagwidwira ku Mchinji atalowa m'dziko, koma iwo ananena kuti anachita kubedwa ali mbali ya Zambia. A Orton anali pulezidenti woyamba wa MCP mu 1959, ndiponso nduna ya zachilungamo mpaka mkangano wa nduna wa 1964. A Vera anali mayi woyamba wa Chimalawi kukhala loya. Maloya awiriwa anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu la chigawo chakummwera, mosaloledwa kuimiriridwa ndi loya kapena kuitana mboni zawo zakunja. Mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti aphedwe, ndipo apilo yawo inakanidwa mu Febuluwale 1984.

Muno m'dziko panalibe amene akanatsegula pakamwa. Phokoso linachokera kunja. Bungwe la Amnesty International, limene loya wa ku London Peter Benenson analiyambitsa mu 1961, linawatenga awiriwa ngati akaidi omangidwa chifukwa cha maganizo awo chabe. Njira ya bungweli inali yooneka yopepuka: anthu wamba a m'maiko osiyanasiyana, aphunzitsi ngati ife, ana a sukulu ndi azimayi a mvano a kwawoko, ankalemba makalata aulemu kwa pulezidenti ndi kwa akazembe, mwezi ndi mwezi, osatopa. Mpingo wa Church of Scotland, umene Dr Banda ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo kumeneko, nawo unachonderera. Mu Juni 1984 chilango cha imfa chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse.

Apa tione bwino zimene makalata aja anakwanitsa ndi zimene analephera. Anapulumutsa khosi, koma sanatsegule chitseko cha ndende. A Orton ndi a Vera anasungidwa m'zipinda zosiyana ku ndende ya Zomba, ndipo anakhala zaka 8 osaonana kufikira mu Seputembala 1992 pamene gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kuwayendera. Patangopita milungu yochepa, pa 20 Okutobala 1992, a Orton anamwalira ali m'ndende. A Vera anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993. Chimodzimodzinso mlakatuli Jack Mapanje, amene anatsekeredwa ku Mikuyu mu Seputembala 1987 popanda mlandu: alembi anzake a bungwe la PEN ndi ena anamulirira kunja konse, koma anatuluka mu Meyi 1991.

Panalinso njira ina ya malamulo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la Africa la ufulu wa anthu mu 1989, ndipo panganolo lili ndi komishoni yake ku Banjul m'dziko la Gambia. Mu 1992 a Krishna Achutan anakadandaula kumeneko m'malo mwa apongozi awo a Aleke Banda, amene anakhala m'ndende zaka 12 osazengedwa mlandu, ndipo Amnesty International inadandaula m'malo mwa banja la a Chirwa. Komishoni inapeza kuti Malawi anaphwanyadi panganolo, mwa zina pozenga anthu mlandu mowakaniza loya. Koma chigamulo chinatuluka boma la Dr Banda litachoka kale, a Orton ali m'manda. Komabe munali mfundo imodzi yofunika: komishoni inati boma latsopano limalowa chokolo cha milandu ya boma lakale, silinganene kuti zimenezo anachita ndi anzathu aja. Makolo athu anaziona kale pamene anati mlandu suwola.

Khomo litseguka, 1992 mpaka 1995

Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma wometa amakhala wa pamudzi pomwepo. Zinthu zinasintha pamene Amalawi eni ake analankhula. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, kuphatikizapo kwathu kuno ku Namitete ndi ku Nambuma. Mwa zina inadzudzula kutsekera anthu popanda mlandu ndiponso makhoti osalola munthu kukhala ndi womuimirira. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lumbadzi. Mu Meyi maiko otithandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo, mpaka boma litasintha pa nkhani ya ufulu wa anthu. Malipoti amene mabungwe akunja anakhala akulemba kwa zaka 20 anagwira ntchito tsopano, chifukwa ndiwo anali umboni patebulo.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Mbiri isabisidwe: chigawo chathu chapakati chinavotera kwambiri tambala wakuda, kuti chipani chikhalebe chimodzi. Koma ufulu umene unabwera sunasankhe chigawo. Chaka chomwecho chiletso cha a Mboni chinachotsedwa, makhoti akuluakulu a mafumu aja anaimitsidwa, ndipo mu Disembala Malawi analowa m'pangano la United Nations la ufulu wa nzika ndi wa ndale.

Malamulo aakulu a dziko amene anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994, n'kukhazikitsidwa kotheratu mu 1995, analembedwa ndi anthu amene ankakumbukira zonsezi. Gawo 41 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopita ku khoti ndi kukalandira chithandizo chenicheni ufulu wake ukaphwanyidwa. Gawo 42 limati womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndiponso akhale ndi loya, wolipiridwa ndi boma ngati chilungamo chikufuna choncho. Gawo 11 limauza oweruza kuti potanthauzira malamulowa aziganiziranso malamulo a pakati pa maiko. Munakhazikitsidwanso ofesi ya Ombudsman, bungwe la Malawi Human Rights Commission, ndi khoti lapadera lopereka chipukuta misozi kwa ozunzidwa mu ulamuliro wakale, National Compensation Tribunal. Khoti limeneli linapatsidwa zaka 10 zokha, ndipo linatsekedwa anthu zikwizikwi asanalandire zawo. Ombudsman Martha Chizuma anaifufuza nkhaniyi n'kutulutsa lipoti mu 2017. A Vera Chirwa, amene dandaulo lawo linapita ku Banjul ali m'ndende, anadzakhala mmodzi wa makomishonala a komishoni yomweyo, woyang'anira za ndende mu Africa muno.

Lamulo lili papepala, loya ali m'tauni

Kulemba gawo 41 ndi chinthu china, kuti mayi wa ku Kabudula alipeze ndi chinanso. Maloya m'dziko muno akhala ochepa kuyambira kale, ndipo pafupifupi onse amakhala ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Milandu imazengedwa m'Chingerezi, munthu n'kumadalira womasulira. Mlandu ukaimitsidwa katatu, ndalama ya kabaza ndi minibasi yatha, ndipo mboni zabwerera kumunda. M'zaka za m'ma 1990 m'ndende munadzaza anthu amene anakhala zaka akudikira mlandu, ena mafayilo awo atasowa.

Mu Meyi 2000, mothandizidwa ndi bungwe la Penal Reform International, kunayamba ntchito ya athandizi a zamalamulo, amene ambiri amangowatchula kuti maparalegal. Anayamba anthu 8 okha m'ndende zinayi zikuluzikulu, kuphatikizapo Maula. Sanali maloya. Ntchito yawo inali kuphunzitsa akaidi, nthawi zambiri kudzera m'masewero, mmene angapemphere belo ndi mmene angalankhulire pamaso pa majisitireti, kulondola mafayilo oiwalika, ndi kufunafuna makolo a ana omangidwa. Ntchitoyi inadzakhala bungwe la PASI, limene pambuyo pake linayambitsanso oyanjanitsa anthu m'midzi kuti timilandu ting'onoting'ono tizithera komweko.

Apa mtsinje unayenda chobwerera, maiko ena n'kuphunzira kwa ife. Mu Novembala 2004 nthumwi za maiko 26 zinakumana mu Lilongwe n'kugwirizana chikalata chotchedwa Lilongwe Declaration, chonena kuti thandizo la zamalamulo kwa osauka lisadikire maloya okha. Komishoni ya ku Banjul inachivomereza mu 2006, ndipo mfundo zake zinalowa m'ndondomeko imene United Nations inakhazikitsa mu 2012. Kuno kwathu lamulo latsopano la thandizo la zamalamulo linadza mu 2011, ndipo ofesi ya Legal Aid Bureau inayamba ntchito mu 2015.

Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, 2019

Zonsezi zinayesedwa pakhomo pathu penipeni. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019, chija cha tipeksi, chinabweretsa zionetsero za miyezi yambiri, ndipo achinyamata a ku Msundwe anatchuka nazo mpaka kupatsidwa dzina lakuti Msundwe Barracks. Pa 8 Okutobala 2019, tsiku limene Pulezidenti Peter Mutharika ankachititsa msonkhano mu Lilongwe, anthu anatseka msewu wa ku Mchinji. Apolisi atabwera kudzautsegula kunabuka chipwirikiti, ndipo Superintendent Usumani Imedi anaphedwa pogendedwa ndi miyala. Imfa imeneyi inali mlandu woopsa, ndipo tisamaiwale kuti nayenso anali ndi banja.

Zimene zinatsatira zinali kubwezera. Apolisi analowa m'midzi ndi m'malo a malonda a Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amuna ambiri atathawa. Anaponya utsi wokhetsa misozi m'nyumba, ndipo amayi ndi atsikana anagwiriridwa, ena pamaso pa ana awo. Mabungwe a amayi a muno momwemo, makamaka NGO Gender Coordination Network, ndiwo anayamba kuulula. Nyuzipepala zakunja zinalemba, ndipo ofesi ya United Nations kuno ndi akazembe ena anapempha kuti pakhale kafukufuku. Mu Disembala 2019 Malawi Human Rights Commission inatulutsa lipoti lake: amayi 13 anagwiriridwa, mtsikana mmodzi wosakwana msinkhu anagwiriridwanso, ndipo atsikana ena atatu osakwana zaka 18 anachitidwa zachipongwe.

Vuto linali lija la 1972: ukadandaula kwa yani pamene wokulakwira ndi amene amalemba madandaulo? Lamulo la apolisi la 2010 linanena kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, koma zaka 9 zinali zitadutsa lisanakhazikitsidwe. Apolisi ankadzifufuza okha, ndipo miyezi inkapita popanda womangidwa.

Kusiyana kwake ndi 1972 n'kwakuti tsopano khomo linalipo. Bungwe la maloya aakazi, Women Lawyers Association, linatengera ku High Court ya Lilongwe dandaulo la amayi ndi atsikana 18, maina awo atabisidwa. Sanasumire wapolisi mmodzimmodzi. Anapempha khoti kuti liunike kulephera kwa mkulu wa apolisi, kalaliki wa nyumba ya malamulo ndi nduna ya zachuma kuchita zimene malamulo amawalamula. Pa 13 Ogasiti 2020 Jaji Kenyatta Nyirenda anagamula mokomera amayiwo. Anapeza kuti ufulu wawo unaphwanyidwa, ndiponso kuti kulephera kwa apolisi kufufuza moona mtima kunali kuwakaniza chilungamo. Analamula kuti alandire chipukuta misozi, olakwawo afufuzidwe ndi kumangidwa, ndipo bungwe lolandira madandaulo lija likhazikitsidwe. Mu Malichi 2021 khoti linawerengera chipukuta misozi choposa K120 miliyoni onse pamodzi, wolandira zambiri n'kupatsidwa K10 miliyoni. Bungwe lija linakhazikitsidwadi, ndipo a Christopher Tukula anakhala komishonala wake woyamba.

Tayerekezani milandu iwiriyi. Wa a Chirwa unatenga zaka zoposa 10, unakathera ku Banjul, wodandaula anali bungwe la ku London, ndipo mwini mlandu anali atamwalira. Wa ku Msundwe unagamulidwa patatha miyezi 10, mu Lilongwe momwemu, oimirira anali maloya a Chimalawi, ofufuza anali komishoni ya Chimalawi, woweruza Mmalawi, ndipo odandaula anali amayi a kumudzi amene maina awo sadziwika ku London. Akunja anaimba ng'oma, koma ovina anali eni bwalo. Ndiko kupambana kwenikweni kwa makalata aja a m'ma 1980: anathandiza kumanga nyumba imene ife tomwe tingalowemo.

Zimene zinatsala

Tisafulumire kuomba m'manja. Chaka cha 2021 chinatha popanda wapolisi ngakhale mmodzi woimbidwa mlandu wogwirira amayi aja. Chaka chomwecho kunatuluka mwamseri lipoti la apolisi lonena kuti nkhani yonse inali yopeka, pamene Human Rights Commission inaimabe pa zimene inapeza. Kunabukanso mkangano pa K255 miliyoni imene khoti linawerengera ngati zolipira za mlandu ku mbali ya maloya, ndalama yoposa chipukuta misozi cha amayi onse 18, ndipo boma linaitsutsa. Kwa milungu ingapo dziko linkakamba za ndalama za maloya, amayi aja ataiwalika. Ndipo ndalama ya chipukuta misozi imachokera ku misonkho yathu, osati m'thumba la wolakwa. Ngati wolakwa sanaime pamaso pa khoti, mnzake wa mawa aphunzirapo chiyani?

Tsono ife a choko tili ndi gawo lathu. Tikamaphunzitsa za ufulu wachibadwidwe tisamangoloweza ana chaka cha 1948 ndi mndandanda wa maufulu kuti akhoze mayeso a MSCE. Mwana wa Fomu 3 adziwe kuti womangidwa ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48, kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, ndiponso kuti wogwiriridwa athamangire ku chipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndi kuti umboni ulembedwe. Adziwe kuti kudandaula za wapolisi sikuthera kupolisi, chifukwa kuli Independent Complaints Commission, Human Rights Commission, Ombudsman ndi Legal Aid Bureau. M'midzi yathu yambiri mwana wa sekondale ndiye amawerengera agogo ake kalata ya ku khoti, ndiye kuti loya woyamba wa pamudzi ndi iyeyo.

Ndipo inu ana athu akale amene muli m'yunifolomu ya polisi, m'makhoti ndi m'maofesi a boma, kumbukirani kuti zipangizo zonsezi zinagulidwa ndi moyo wa anthu, ena odziwika ngati a Orton Chirwa, ena osadziwika ngati amayi a ku Sinda Misale amene sanapepesedwe ndi wina aliyense. Amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anaonetsa kuti gawo 41 limagwira ntchito munthu akalimba mtima n'kupeza womugwira dzanja. Mbali yotsalayo, yoti wolakwa aliyense ayankhe yekha mlandu wake, ili m'manja mwa m'badwo wanu. Mlandu suwola.